Mawu a Malemu Kalekeni

Dzuwa linali pamutu pamene mlangizi wa zaulimi anayamba kuitana mayina a m'mudzi wa a Lefina. Anthu anali atakhala pabwalo la sukulu chiyambire m'mawa kudikira makuponi a feteleza, ambiri atafunda zitenje kumutu poti mthunzi wa mtengo umodzi wa mango sukanawakwanira onse. Nyenje zinkalira osapuma.

"Kalekeni!" anaitana mlangizi uja.

"Ndilipo!"

Yankholo linachokera kumbuyo, kumene kunakhala amuna. Anali mawu osasa, olemera, otuluka movutikira ngati akupanikizika pakhomo lopapatiza. Mayi amene anakhala pafupi ndi a Lefina anawagwira mkono, ndipo phokoso la pabwalopo linazima pang'onopang'ono mpaka kunatsala nyenje zokha. Panalibe munthu wa m'mudzimo amene sankawadziwa mawu amenewo. Anali mawu a bambo Kalekeni, amuna awo a Lefina, amene anagona kumanda zaka zingapo zapitazo.

Amene anaimirira anali Levison, mwana wawo wamwamuna, yemwe ankalembetsa dzina la bambo ake. Anadutsa pakati pa anthu, nalandira kuponi yake, kenako potembenuka anapeza maso onse ali pa iye.

"Mwaona chiyani?" anafunsa akuseka. "Ndi fumbi la ku nazale ili. Kapena mukufuna ndikuimbireni nyimbo?"

Palibe amene anaseka. Gogo wina anadzilemba mtanda, ndipo mlangizi, yemwe anali mlendo kuderako, anayang'ana uku ndi uku osamvetsa chimene chachitika.

A Lefina anali atamva kale kuti mawu a mwana wawo sali bwino. Kuyambira nthawi yozizira Levison ankangokhalira kukonza kukhosi, iwo n'kumati ndi chimfine, kapena chingambwe chimene ankasuta chiyambire unyamata wake. Koma pakhomo iye sankayankhula zambiri, ndipo anali asanamumvepo akukweza mawu mpaka tsiku limenelo.

Bambo Kalekeni nawonso anayamba choncho. Poyamba mawu anasasa, kenako pakhosi panatuluka chotupa cholimba ngati mbatata yaiwisi, ndipo pamapeto pake ngakhale phala linkakana kutsika. M'miyezi imeneyo ndi pamene kunabwera Rahila, mwana wa a Hamdani a golosale ya pa Santhe. Mtsikana amene a Lefina ankamudziwa akuyeza mchere pa sikelo anali atakhala dokotala, ndipo ankayenda m'midzi ya alimi a fodya kuchita kafukufuku wa khansa ya pakhosi. Anakhala pakhonde ndi bambo Kalekeni, n'kuwaikira kamakina kakuda pafupi ndi pakamwa kuti ayankhule. Anawatumiza kuchipatala chachikulu, koma kumeneko anati matenda apita patali. Pofika nthawi yomwalira, bamboyo anali atasiyiratu kuyankhula. Ankangoloza ndi chala.

Rahila anajambulanso mawu a anthu ena m'midzi yoyandikana, ndipo ambiri a iwo anatsata njira yomweyo. Chiyambire pamenepo, anthu akamamutchula ankatsitsa mawu. Ankati kamakina kaja kamayamwa mawu a munthu, ndipo woyamwidwa mawu sachedwa kutsatira.

Madzulo a tsiku la makuponilo a Lefina anali pakhonde akuswa mtedza wa mbewu pamene Dyna, mkazi wa Levison, anabwera n'kugwada chapatali.

"Amayi, lero mwamva nokha."

"Ndamva."

"Akagona amapuma ngati munthu akucheka thabwa. Dzana analavula magazi kuseri kwa chigafa, n'kukwirira ndi phazi poganiza kuti sindinaone." Dyna anasendera pafupi. "Akuti adokotala a Rahila abwera. Ali pachipatala cha pa Santhe sabata ino, akuphunzitsa alangizi a zaumoyo. Ndimati mwina bambo a Nthanda..."

"Usamalize."

"Amayi, akangowaona chabe."

"Apongozi ako anangowaona chabe." A Lefina anakankhira lichero kumbali. "Iwe sukumvetsa. Munthu akamwalira amayenera kupita yense. Ife tinaika thupi, koma mawu anatsala m'kamakina ka mwana wa a Hamdani. Zaka zonsezi akhala akusowa pogona. Tsopano apeza khosi la mwana wawo, alowamo."

Dyna anasisita mikono yake ngati kwazizira. "Ndiye titani?"

"Ndipita ndekha. Akandibwezere mawu a amuna anga, tikawaike kumene kuli mwini wake. Levison asapondeko kumeneko."

M'mawa mwake anakwera kabaza. Minda inali itaungidwa mizere, yofiira, yopanda mtengo mpaka kumene maso amalekezera. Zigafa zopanda fodya zinaima m'mbali mwa msewu ngati nthiti za ng'ombe zakufa. Pakati pa njira kamvuluvulu anadzuka m'munda, nayenda nawo limodzi kwa kanthawi, kenako anakhotera mumsewu patsogolo pawo. Wakabaza anatsitsa phazi kuti adutse.

Pachipatala panali zii. Silinali tsiku la sikelo ya ana, ndipo pabenchi la pakhonde panakhala munthu mmodzi yekha, bambo woonda wovala jekete ngakhale kunkatentha, atamanga kansalu koyera pakhosi. A Lefina anamupatsa moni. Bamboyo anangoweramitsa mutu n'kumwetulira. Pakamwa pake panali potseka, koma kansalu kaja kankalowa ndi kutuluka, kulowa ndi kutuluka.

A Lefina anayang'ana kumbali. Apo ndi pamene anamva, kuchokera pawindo la chipinda chakumapeto, munthu akukoka mawu: "Aaaaa..." Mawuwo anadulidwa ndi chifuwa, chifuwa chimene a Lefina anagona nacho chipinda chimodzi mpaka tsiku la maliro. Kenako munthuyo anati, "Kodi kalowa, mwanangu? Ndibwerezenso?"

Miyendo inawatenga yokha. Anakankha chitseko osaodira.

M'chipindamo alangizi a zaumoyo anali atakhala pamabenchi, onse ataweramitsa mitu ngati ali m'pemphero. Patebulo panali kompyuta ndi kasipika. Rahila anaima pambali pake, atafunda mpango wobiriwira, atavala magalasi amene kale analibe. Anawazindikira nthawi yomweyo, ndipo dzanja lake linathamangira kukazimitsa.

"Amayi a Levison."

"Atulutseni," anatero a Lefina. "Atulutseni amuna anga mmenemo."

Rahila anapempha alangizi aja kuti akapume panja. Atatuluka onse anakokera mpando, ndipo a Lefina anakhala.

"Amayi, mawu awa ali ngati chithunzi chabe," anatero Rahila mofatsa. "Bambo anavomera okha kuti tiziphunzitsira anthu."

"Anavomera ali moyo. Atamwalira munakawafunsanso?"

A Lefina analoza kasipika kaja.

"Onse amene munawaikira kamakina kanu ali kumanda. Mukana?"

"Ambiri, inde. Sindikana. Ndinkapita kwa anthu amene khutu langa linkandiuza kuti akudwala kale, ndipo ambiri ndinawapeza mochedwa. Chimene ndinkafuna n'choti ena tisamawapeze mochedwa. Kumidzi kulibe makina oonera m'khosi, koma khutu aliyense ali nalo. Mlangizi akamvetsera mawu awa, tsiku lina akakumana nawo pamsika kapena kutchalitchi amawazindikira, n'kumutumiza munthuyo kuchipatala msanga."

"Ndiye awa amva kale. Fufutani."

"Za m'kompyuta iyi ndingathe kufufuta pompano, inu mukuona. Koma ndikhala ndakunamizani ndikanena kuti zathera pamenepo." Rahila anavula magalasi n'kuwagwira m'manja. "Zimene tinapeza pa kafukufuku uja tinazilemba, ndipo zinasindikizidwa m'magazini a madokotala. Anzathu a m'maiko ena anaziwerenga, anaziyesa kwawo, napeza kuti zikuthandiza. Lero mawu awa akuphunzitsira ku Zambia, ku Kenya, ngakhale ku India. Sindingathe kuwaitanitsa konseko."

A Lefina anapukusa mutu.

"Amuna anga sanapitirirepo pa Kanengo, kokagulitsa fodya."

"Ndikudziwa, amayi."

"Kumaiko amenewo, kuno kukada nakonso kumakhala kutada?"

"Kwina kumakhala kutacha."

"Ndiye sagona," anatero a Lefina chapansipansi. "Ife kuno tikuti akupuma, iwo akungokhosomola m'zipinda za anthu osawadziwa. Dzina lawo amalitchula?"

"Ayi. Mayina timabisa, pofuna kuteteza odwala ndi mabanja awo."

"Munthu woyankhula wopanda thupi, wopanda dzina. Kwanu chinthu chotere mumachitcha chiyani?"

Nthawi yomweyo kukhomo kunamveka kulira ngati kwa njuchi zotsekeredwa m'chitini, ndipo mkati mwa kulirako munali mawu: "Odi. Pepani." A Lefina anadzidzimuka mpaka anagwira tebulo. Bambo wa kansalu uja anaima pakhomo, atakanikiza kachipangizo konga tochi pansi pa chibwano. Milomo yake inkayenda, koma mawu ankachokera m'kachipangizomo, osakwera, osatsika.

"Awa ndi a Aloysius, a ku Chisemphere," anatero Rahila. "Anawachotsa kholingo ku Blantyre, ndiye amapumira pabowo la pakhosi. Amabwera kudzandithandiza kuphunzitsa."

"Musaope, mayi," zinalira njuchi zija. "Ngakhale agalu akwathu anazolowera. Ndamva kuti bambo a m'kompyutawo ndi amuna anu. Ine sindinawaonepo, koma ndimawadziwa. Mlangizi wakwathu anandimva ndikukangana ndi wogula soya pamsika. Anandikoka malaya, nati, 'Bambo, mukuyankhula ngati munthu amene tinamumvetsera kumaphunziro.' Ndinamutukwana. Iye osakhumudwa, anandilondola mpaka kunyumba ndi njinga yake."

A Lefina analoza kansalu kaja ndi chibwano. "Ndiye moyo umenewu?"

Mapewa a Aloysius anagwedezeka, maso anatsinzina, kansalu kanavina, koma panalibe phokoso lililonse. Panapita kanthawi a Lefina asanazindikire kuti bamboyo akuseka.

"Chaka chatha ndinakwatitsa mwana," anatero atabwezera kachipangizo pakhosi. "Chimanga ndimalima. Kuimba kokha ndiye ayi, koma akwaya akuti n'kale lomwe sindinkatha. Ndikawalongolola kwambiri akazi anga, amandibisira mabatire."

A Lefina sanaseke, koma sanayang'anenso kumbali. Anamuonetsetsa bamboyo kuyambira kumutu mpaka kunsapato zake zafumbi, ngati akufuna kutsimikiza kuti mapazi ake akuponda pansi. Kenako anatembenukira kwa Rahila.

"Yatsani. Ndimve zonse, osati chifuwa chokha."

Rahila anadina. Kasipika kanayamba ndi mphepo, kenako bambo Kalekeni anadzaza chipinda chonse.

"Ndiyankhule chiyani tsono? Za munda? Chabwino. Chaka chino mvula inayamba bwino. Fodya wa kumunsi kwa dambo wachita bwino kuposa wa kumtunda. Feteleza wa kuponi uja tinathira ku chimanga, poti fodya sadyedwa..."

Kumbuyo kwa mawuwo kunalira tambala. A Lefina anamudziwa. Anali tambala wofiira amene anaphedwa pamaliro. Kenako chitseko chinalira, ndipo mawu a mkazi, akuthwa, achangu, anamveka chapatali: "Inu, alendowo mwawapatsa mpando, kapena mukungowatopetsa ndi nkhani?" Bambo Kalekeni anaseka, kuseka kosasa kothera m'chifuwa. "Mwawamva? Boma langa limenelo."

A Lefina anagwira pakamwa. Sankakumbukira kuti ananenapo zimenezo. Mkazi wa m'kasipikayo anali wotanganidwa, wokwiya pang'ono, wosadziwa chilichonse cha zimene zinali kutsogolo, ndipo anali adakali ndi mwamuna pakhonde.

"Ameneyo ndine."

"Ndinu, amayi. Sindinadulepo. Alangizi akafika pamenepo amaseka."

"Ndiye ku India konko ndiliko."

"Muliko."

Kunja alangizi ankayankhula motsitsa, ndipo pakhomo kansalu ka a Aloysius kankapitiriza kulowa ndi kutuluka.

"Zaka zonsezi," anatero a Lefina. "Ndiye sali okha."

Anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, naimirira. Atafika pakhomo anaima, osacheuka.

"Mwana wanga akuyankhula choncho."

"Levison? Kuyambira liti?"

"Nthawi yozizira."

Nkhope ya Rahila inasintha. "Abwere mawa m'mawa, asachedwe. Ulendo uno ndabwera ndi chipangizo choonera m'khosi."

"Kamakina kanu kakuda musamuikire."

"Sindimuikira."

A Lefina anamupeza Levison kudambo dzuwa litapendeka, akuthirira nazale, ndudu ya chingambwe ili kuseri kwa khutu. Timbewu ta fodya tinali titabiriwira pansi pa udzu wophimbira, ndipo madzi a m'chitsime anali atatsika kwambiri.

"Mawa ukupita ku Santhe," anatero a Lefina.

"Inuyo, amayi? Si inu munamuuza Dyna dzulo lomweli kuti ndisapondeko?" Levison anatsitsa kheni ya madzi. "Bambo anapita kuchipatala akuyenda, anabwerako atanyamulidwa. Nanga nazaleyu athirira ndani? Mvula ikagwa aokera ndani?"

"Bambo ako ankafunsanso za nazale. Nazale alipo. Iwo ali kuti?"

Levison anayang'ana madzi akudontha pa mlomo wa kheni. Kenako anati, "Ndikuopa, amayi."

Anali mawu a bambo ake, koma bambo ake sananenepo zimenezo ngakhale kamodzi.

"Inenso ndikuopa," anayankha a Lefina. Anatambasula dzanja, nachotsa ndudu ija kuseri kwa khutu la mwana wawo, n'kuiponya m'matope. "Tipitira limodzi."

M'mawa mwake analowa atatu m'chipinda chomwe chija. Rahila anamukhazika Levison pampando, namupopera mankhwala m'mphuno, kenako anatenga kapaipi kowonda ngati chingwe cha nsapato, kokhala ndi kanyali kunsonga. Atayamba kukalowetsa m'mphuno, Dyna anatembenukira kukhoma. A Lefina anaima pomwepo, maso ali pa kompyuta.

Pagalasi panaoneka phanga lofiirira, lonyowa, losuntha lokha. Kanyali kanatsika, kanakhota, kanatsikanso. Pansi penipeni panali timizere tiwiri toyera, totseguka ndi kutseka ngati pakamwa pa mwana wa mbalame.

"Apa ndi pamene pamachokera mawu," anatero Rahila. "Levison, nena kuti iii."

Levison anayesa. Kamzere kamodzi kananjenjemera bwinobwino. Kamzere kachiwiri kanali kolemedwa ndi kanthu kotuwa, kokakala, konga njere ya chimanga yofumbwa.

"Ndi chimenecho?" anafunsa a Lefina.

"Ndi chimenecho. Sindinganene motsimikiza mpaka atadulako kachidutswa n'kukapima ku Lilongwe. Koma chidakali chaching'ono, ndipo kunja kwa khosi sindinapeze chotupa. Akapita msanga, mwayi ulipo."

"Cha bambo ake chinali chotere?"

"Chinayamba chotere. Ine ndinachipeza chitadzaza ponsepa."

A Lefina anasendera pafupi mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi. Chiyambire maliro aja anali atakayikira kamakina, anansi a m'malire a munda, ngakhale achibale a malemu, koma chinthu chenichenicho anali asanachionepo nkhope. Chinali pamenepo, chete, chikukwera ndi kutsika limodzi ndi mpweya wa mwana wawo ngati chili m'tulo.

"Ndakuona," anachiuza motsitsa.

Rahila anatulutsa kapaipi kaja pang'onopang'ono. Levison anapukuta misozi imene inatuluka yokha, ndipo Dyna anabwera kudzaima kumbuyo kwa mpando wake.

"Dyna, pita ukamulongedzere zovala," anatero a Lefina. "Mukwere minibasi ya mawa. Mwana wanu Nthanda mumusiye kwa ine."

"Amayi, nazale..." anayamba Levison.

"Khala chete, usunge mawuwo. Kheni ndimadziwa kunyamula."